Anzanu abwera kudzacheza, ofu muli nayo imodzi: mmene mungawayendetsere mu tauni osafa ndi kutopa

Zimayamba ndi meseji ya pa WhatsApp, "amwene tikutulukira kumeneko sabata ya mawa, mudzationetse tauni yanuyo". Inu mwayankha mwachimwemwe kuti bwerani bwerani, kenako mwakhala pansi nkuzindikira kuti mwakhala mu mzindawu zaka zisanu koma njira zomwe mukuzidziwa bwino ndi ya kuntchito, ya kogula zinthu ndi yobwerera kunyumba basi. Malo onse otchuka aja mumangowadutsa muli pa windo, simunalowemo olo kamodzi. Ndipo bwana wakupatsani tsiku limodzi lokha.

Ine ulendo woyamba ndinachita zopusa, ndivomere. Ndinalemba malo 8 pa pepala, ndinkafuna anzanga akabwerera akanene kuti koma ndiye anationetsa. Tinanyamuka mochedwa, malo achiwiri tinapeza geti ndi lotseka, mnzanga wina anavala nsapato zatsopano pofika masana anali ndi matuza akuyenda ngati waponda minga, ndipo tsiku lonse ine ndinali munthu woyang'ana wotchi nkumakuwa kuti tiyeni tiyeni tachedwa. Madzulo tikusiyana ndinazindikira kuti anthu amene sindinaonane nawo zaka zitatu sindinacheze nawo olo mphindi 20 zokhazikika. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, pusiyo ndinali ine. Nde zomwe ndikulemba apazi ndi mmene ndimapangira masiku ano.

Yambani ndi kuwafunsa, koma mufunse mochenjera

Mukangofunsa kuti "mukufuna kukaona chani?" yankho mukulidziwa kale, "chilichonse amwene, inu ndi amene mukudziwa". Limenelo si yankho, ndi ulemu chabe. Apatseni zoti asankhepo ziwiri ziwiri. Mukufuna zakale zakale za mbiri kapena zapanja zopitidwa mphepo? Kuyenda wapansi kwambiri kapena kukhala pansi nkumaona anthu akudutsa? Kudzuka mmamawa kapena kuchezera usiku? Apa ndi pomwe mumva zoona, wina anena kuti iye za m'myuziyamu zimamugonetsa tulo, wina anena kuti pali malo amodzi omwe anawaona pa Instagram ndipo sabwerera asanajambulitsepo. Malo amenewo alembeni, olo inu mumawaona kuti ndi achabechabe.

Funsaninso kuti akubwera angati komanso ndi ndani. Gulu la anyamata atatu ndi losiyana kutalitali ndi gulu lomwe muli mwana wa zaka 4, mayi woyembekezera kapena bambo a bondo lovuta. Alipo amene sadya zinazake? Alipo amene ali ndi nthawi yopemphera yomwe sangaiphonye? Alipo amene amaopa malo okwera kapena amasanza pa boti? Izi zimaoneka zazing'ono muli pa foni koma ndi zomwe zimagumula pulani yonse tsikulo. Ndipo ngati akuchokera kutali pa ndege, kudutsa maiko osiyana maola ambiri, musatenge ofu yanu tsiku lotsatira atangofika. Thupi lawo limakhala likadali pa nthawi ya kwawo, 2 koloko masana azikusinzirani pamaso. Apatseni tsiku limodzi kapena awiri agone kaye.

Malo atatu basi, amodzi aakulu awiri aang'ono

Ndikudziwa mtima ukukana koma tiyeni tiwerengere limodzi. Mwanyamuka 9 koloko, mukufuna kumaliza 6 koloko, amenewo ndi maola 9. Chotsanipo ola ndi theka la lanchi, poti gulu silidya mwachangu. Chotsanipo maola awiri oyenda kuchoka apa kupita apo. Chotsanipo ola lina la mizere ya matikiti, kusaka toileti, kudikira uja wapita kukagula madzi, ndi kujambulana. Mwatsala ndi maola anayi ndi theka oti muone zinthu. Agaweni pa malo 8 muone ngati si mphindi 30 zothamangathamanga paliponse.

Munthu mmodzi akamayenda yekha amatha makilomita pafupifupi 5 pa ola, ndipo nthawi yomwe Google Maps imakuuzani ndi ya munthu wotero, wosaima, wosacheza, wosaona kanthu. Gulu la anthu asanu ocheza limayenda mwina theka la liwiro limenelo. Ine mapu akati mphindi 10 ndimawerenga 20, sindinalakwitsepo.

Malo aakulu aja ndi amene tsiku lonse likuzungulirapo, amene akapanda kuwaona adzadandaula. Apatseni maola awiri kapena atatu. Awiri enawo akhale opepuka komanso oti mukhoza kuwataya osamva kuwawa. Ndimakonda kusakaniza chonchi: pamalo pamodzi pokwera pomwe mzinda wonse ukuoneka, kaya ndi phiri, nsanja kapena denga la nyumba yaitali, pamalo pamodzi pa mbiri, ndi pamalo pamodzi pomwe anthu a mumzindamo akukhala moyo wawo wa tsiku ndi tsiku monga msika, paki kapena m'mbali mwa mtsinje. Ma myuziyamu awiri tsiku limodzi ayi, chonde. Kuyenda pang'onopang'ono nkumaima pa galasi lililonse kumapweteka msana kuposa kuyenda ndawala, pakatha ola ndi theka anthu amangodutsa osaonanso kanthu. Ndipo myuziyamu yaikulu simungaimalize olo mutafuna. Ku Louvre ku Paris zinthu zoonetsedwa zilipo pafupifupi 35,000, mutati chilichonse muchipatse masekondi 30 okha mufunika maola opitirira 290. Nde kulikonse komwe mungalowe, sankhiranitu zipinda ziwiri kapena zitatu, zinazo zisiyeni ndi mtima woyera.

Tsimikizani kuti kukakhala kotsegula

Apa ndi pomwe ndinagwera ine. Anthu ambiri ogwira ntchito za mashifiti ofu yawo imagwa mkati mwa sabata, pena Lolemba, ndipo Lolemba ndi tsiku lomwe ma myuziyamu ambiri padziko amatseka kuti apume pambuyo pa wikendi. Koma musangoti bola si Lolemba, Louvre ija imatseka Lachiwiri. Malo aliwonse ali ndi zawo. Ena amasiya kulowetsa anthu ola limodzi nthawi yotseka isanakwane, nde mukafika 4 koloko poti analemba kuti amatseka 5 mukangoonera kunja.

Malo ena amadalira nyengo. Ku Cape Town kangolo ka pachingwe kokwera phiri la Table Mountain amakaimitsa mphepo ikakula, ndipo boti lopita ku chilumba cha Robben Island, komwe Nelson Mandela anakhalako zaka 18 mwa zaka 27 za ukaidi wake, limatha kulephereka nyanja ikawinduka, komanso matikiti ake amatha msanga nyengo ya alendo ambiri. Ngati malo anu aakulu ndi a mtundu umenewu, onani zanyengo dzulo lake ndi mmawa womwewo, ndipo khalani ndi pulani yachiwiri ya pansi pa denga. Nyumba zopemphereramo nazo zili ndi nthawi zake, mzikiti Lachisanu masana si nthawi yokaona malo, tchalitchi Lamulungu mmawa chimodzimodzi. Onaninso ngati tsikulo kulibe holide, mpira waukulu, mpikisano wothamanga kapena zionetsero zomwe zimatseketsa misewu ya pakati pa tauni.

Maola olembedwa pa intaneti pena amakhala akalekale, palibe anawasintha. Ngati pali nambala imbani, safunsa anadya phula. Pa foni pomwepo funsani ngati matikiti amagulidwa pa geti kapena pa intaneti, ngati amapereka nthawi yake yolowera, komanso ngati mtengo wa nzika ndi wa alendo akunja ndi wosiyana, chifukwa malo ambiri amatero ndipo amafuna chiphaso kuti akhulupirire. Ana asukulu ndi achikulire pena amalipira zochepa. Kulinso malo apamwamba zedi olowa ulere, British Museum ku London simulipira kanthu polowa, nde fufuzani mumzinda mwanumo, mukhoza kudabwa kuti zaulere ndi zambiri kuposa mmene mumaganizira.

Ziikeni pa mapu

Tsegulani mapu, ikani timadontho pa malo atatu aja, muone mzere womwe ukutuluka. Mukufuna kuyenda mbali imodzi osati uku ndi uku ngati nkhuku yodulidwa mutu. Yambirani kutali, muzibwera chakufupi ndi komwe anzanuwo akugona, kuti pomwe miyendo yatha mukhale muli pafupi ndi bedi. Malo odzaza anthu kwambiri apiteni mmawa akangotsegula mabasi a alendo asanafike. Zoyenda panja zikhale mmawa ndi chakumadzulo, masana dzuwa lili paliwombo mukhale pa mthunzi kapena mkati.

Pamalo okwera paja pali nzeru ziwiri. Mukapita mmawa mumatha kuwalozera kuti uko ndi komwe tikupita, uko ndi komwe ndimagwira ntchito, uko ndi kwathu, tsiku lonse amakhala akudziwa pomwe ali. Mukapita dzuwa likulowa mumapeza zithunzi zokongola ndi magetsi a mzinda akuyaka. Ine ndimasankha madzulo, koma yang'anani nthawi yeniyeni yolowa dzuwa pa foni, musaganizire. Ku Nairobi, pafupi ndi equator, limalowa cha m'ma hafu 6 chaka chonse ndipo mdima umagwa msanga, pomwe ku London mu June kumawala mpaka kupitirira 9 koloko usiku koma mu December 4 koloko isanakwane lalowa kale. Fikani mphindi 40 lisanalowe, osati pa nthawi yeniyeniyo.

Za mayendedwe ganizani kawiri musanatenge galimoto yanu. Mukayendetsa nokha mwasanduka dalaivala, anzanu akuseka kumbuyo inu maso ali pa msewu, mukufika mukuzungulira kusaka poimika, ndipo ngati madzulo pali kumwa inu mungoonerera, poti kumwa nkuyendetsa sitikambirana nkomwe. Ngati malo ali moyandikana siyani galimoto pamalo amodzi muziyenda wapansi. Ngati mzinda wanu uli ndi sitima kapena mabasi odalirika funsani za tikiti ya tsiku lonse, m'mizinda yambiri ilipo. Ndipo olo muli ndi ndalama ya takisi, akwezeni kamodzi zomwe anthu wamba amakwera, kwa mlendo chimenecho ndi chionetsero pachokha, adzachikamba kuposa chipilala. Koma osati nthawi yoweruka anthu kuntchito. Kuyambira cha m'ma 4 mpaka 6 koloko mukhale muli pamalo, musakhale pa msewu.

Nkhani ya ndalama, kambanitu

Imeneyi anthu timaizemba mpaka bilu ifike pa tebulo, kenako aliyense ali phee akuyang'ana foni, kapena nonse mukulimbirana kulipira wina mumtima akulira. Chomwe chimachitika nchoti alendo amaganiza kuti poti mwawaitana mulipira ndinu, inu mukuganiza kuti poti iwo ali pa holide abwera ndi ndalama, mapeto ake mwezi wanu wathera tsiku limodzi ndipo mukuwakumbukira ndi kadandaulo. Palibe chamanyazi kulemba masiku awiri zisanachitike kuti "amwene, polowa pamafunika mwakuti munthu mmodzi, mayendedwe mwakuti, chakudya pafupifupi mwakuti, lanchi ndi ya ine koma zinazo aliyense payekha". Mwanena chomwe mukwanitse, mwachita ulemu wa mwini mudzi, ndipo aliyense wadziwa zonyamula.

Mukakhala ambiri sankhani msungichuma mmodzi, musonkherane mmawa, iye azilipira zonse za gulu, zotsala mugawane madzulo. Zimachepetsa kuima pa geti lililonse nkumasaka chenje. Ndipo ngati mukudziwa kuti pagulupo pali wina amene thumba lake ndi lopyapyala, konzani tsikulo molingana ndi iyeyo, musamuike poti azinamizira kuti sakumva njala. Nyamulani khadi komanso kashi yophwanyaphwanya, makina amakana nthawi yomwe simukuyembekezera, ndipo khadi la mlendo wochokera dziko lina pena limakanidwa popanda chifukwa chomveka.

Usiku woti mawa ndi tsikulo

Tumizani meseji imodzi yokhala ndi zonse: nthawi, pokumanira, zovala. Nsapato zikhale zakale zomwe phazi linazizolowera, zogogoda ndi zatsopano zitsale. Ngati mukalowa malo opatulika auzeni, ku St Peter's Basilica ku Vatican amabweza munthu amene mapewa ndi maondo ali pamtunda, m'mizikiti mumavula nsapato ndipo amayi kawirikawiri amafunda kumutu, nde kansalu kopepuka m'chikwama kamapulumutsa. Nthawi yonyamukira auzeni yocheperako ndi mphindi 30 pa yomwe ili mumtima mwanu, anzanu mukuwadziwa nokha.

Inu tchajani foni ndi power bank, ya 10,000 mAh imadzaza foni pafupifupi kawiri, ndipo mudzaona kuti ndi inu amene mukupulumutsa gulu lonse poti mapu ndi kamera zimadya batire koopsa. Dawunilodani mapu a mzindawo pa Google Maps kuti azigwira olo netiweki itathawa, matikiti a pa intaneti muwajambule screenshot. M'chikwama muike madzi, ambulera, tishu, mapulasitala a matuza, mankhwala a mutu ndi kena kotafuna. Amene amamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku akumbutseni. Kenako gulupu ya kuntchito muitseke pakamwa, ofu ndi ofu, mukangoyankha meseji imodzi ya abwana tsiku lapita.

Chomaliza usikuwo, werengani pang'ono za malo aakulu aja. Osati kuloweza zaka ngati mayeso, pezani nkhani ziwiri kapena zitatu zokoma kukamba. Mwachitsanzo kunena kuti nsanja ya Eiffel Tower ku Paris inamalizidwa mu 1889 palibe amagwedezeka, koma mukati inamangidwira chionetsero cha zinthu za maiko osiyanasiyana, chilolezo chake chinali cha zaka 20 zokha ndipo inapulumuka kugwetsedwa chifukwa inapezeka yothandiza pa za mawailesi, apo anthu amatchera khutu. Malo aliwonse ali ndi kankhani kotere, ndani anamanga, anakangana ndi ndani, chinalakwika nchani.

Tsiku lafika

Idyani musananyamuke, nonse. Kenako liwiro la gulu likhale la munthu woyenda pang'onopang'ono kuposa onse, inu musamatsogole mamita 20 kutsogolo ngati mukuthawa ngongole. Yendani pakati pawo, muzisinthasintha woyenda naye, nkhani zenizeni zimatuluka poyenda awiriawiri osati pagulu.

Musalankhule kwambiri. Ndikudziwa mwawerenga usiku ndipo zikukuyabwani pakamwa, koma kambani kankhani kanu kamodzi kenako mukhale chete aone okha. Akafunsa zomwe simukudziwa nenani kuti kaya, tiyeni tifunse. Musapeke, ali ndi mafoni m'manja, akugwirani bodza pomwepo ndipo azikusekani mpaka ukalamba. Ngati pamalo aakulu paja pali gaidi wovomerezeka mutengeni, inunso mupumeko mukhale mlendo kwa ola limodzi, mwina muphunzira zinthu za mzinda wanu womwe zomwe simunamvepo. Koma gwirizanani mtengo asanayambe kulankhula, ndipo amene amakuthamangirani panja pa geti opanda chiphaso akaneni mwaulemu.

Toileti mukaiona yabwino lengezani, olo palibe wapempha. Alendo ambiri amachita manyazi kunena, amangovutika chamumtima. Lamulo langa ndi loti tisanatuluke pamalo aliwonse olipira aliyense adutseko, poti kunja simudziwa mukaipeza kuti.

Lanchi musadikire njala. Gulu lanjala limakangana pa zinthu zopanda mutu, ndipo kufunsa anthu asanu anjala kuti tidye kuti ndi kuyambitsa msonkhano wosatha. Sankhiranitu malo awiri, fikani 12 koloko anthu a m'maofesi asanadzaze. Malo odyera oyang'anizana ndi geti la malo otchuka kawirikawiri amakhala odula ndipo chakudya chake nchongoti bola, poti akudziwa kuti kasitomala wawo sabweranso. Lowani misewu iwiri kapena itatu mkati, komwe mukuona anthu a konko akudya. Bwino koposa apititseni komwe inu mumadya mukalandira malipiro. Ndipo mukakhala pansi khalani ndithu, ola lathunthu kapena kuposa, osayang'ana wotchi. Pa tsiku lonse apa ndi pomwe mumve kuti uja anasiyana ndi mkazi wake, uja akufuna kusiya ntchito, uja mayi ake akudwala. Musadule nkhani zotere chifukwa cha chipilala.

Zithunzi, akuba ndi kusochera

Kujambula musalimbane nako, mugonja. Inu malowa mumawaona daily koma iwo mwina sadzabweranso. Dziperekeni kukhala wojambula, jambulani zambiri mwachangu, dzuwa likhale kumbuyo kwanu osati kwa iwo, ndipo pemphani munthu wodutsa akujambuleni nonse kamodzi kuti nanunso mudzaonekemo. Chofunika kuwachenjeza ndi ichi: m'maiko ambiri kujambula malo a asilikali, apolisi, nyumba ya mtsogoleri wa dziko ndi malo ena a boma kukhoza kukugwetsani m'mavuto enieni, tsiku nkuthera pa siteshoni mukufotokoza. M'ma myuziyamu ambiri flash ndi yoletsedwa, mwina kujambula kumene. Ndipo anthu si ziboliboli, wogulitsa pamsika kapena mwana wa eni ake mupemphe kaye musanamuloze kamera.

Za akuba auzeni mwachidule osawaopseza. Pomwe pali alendo ambiri opisa m'matumba aliponso, mzinda uliwonse. Foni isakhale m'thumba lakumbuyo, chikwama chibwere kutsogolo mukalowa mopanikizana, foni isagone pa tebulo la panja, ndipo munthu wachilendo akabwera ndi chikondi chonyanyira kapena wakuthirani kanthu pa malaya nkumati ndikupukuteni, gwirani thumba lanu. Pasipoti ngati lamulo la dzikolo silikakamiza kuyenda nayo itsale kunyumba, ayende ndi kope yake. Inu mukudziwa misewu yomwe simudutsa kukada, musaiyesere lero chifukwa muli pagulu.

Mukangofika pamalo odzaza lozani chinthu chimodzi chooneka patali nkunena kuti tikasowana tikumane apa. Yatsani live location pa WhatsApp, imakupatsani kusankha mphindi 15, ola limodzi kapena maola 8, tengani ya maola 8 mmawa muiwaleko. Koma poti mlendo pena alibe bandulo kapena foni yathima, mulembereni nambala yanu ndi adiresi pa kapepala aike m'thumba. Mwana ndiye kapepalako nkofunika kuposa onse.

Ikamakwana 3 koloko

Nthawi imeneyi yang'anani nkhope. Mukaona kuti zithunzi zasiya kujambulidwa, anthu akusaka pokhala paliponse mwaima, mayankho asanduka "eya" ndi "zili bho", dziwani kuti gulu latha mphamvu. Sanena okha, akuopa kukukhumudwitsani poti mwavutikira. Nenani ndinu, "ine ndatopa, bwanji malo achitatu aja tiwasiye tikakhale penapake". Mudzaona mmene nkhope ziwalire. Ngati wina akadali ndi moto ndipo ena afooka, gawanikani kwa ola limodzi, palibe analamula kuti muzikhala limodzi ngati mbuzi za pa chingwe chimodzi.

Ndipo mpata umene wapezekawu ndi pomwe ine ndimachita chinthu chomwe chimakoma kuposa zonse. Ndimawatengera malo anga. Kanyumba komwe ndinkachita lendi nditangofika ndilibe olo mpando, benchi yomwe ndimakhalapo zikandivuta, kona yomwe ndinasochera sabata yoyamba mpaka kulira. Palibe tikiti, palibe mzere, sizili pa mapu a alendo. Anzanga aja a matuza aja atabweranso kachiwiri, chomwe amakamba mpaka lero ndi kanjira kena kachabechabe komwe ndinawaonetsa kuti apa ndi pomwe ndinathamangitsidwa ndi galu nditavala suti ya intavyu, za malo otchuka sazitchula nkomwe. Chipilala akhoza kuchiona pa YouTube, koma mmene mnzawo akukhalira mumzinda wachilendo anabwerera chimenecho.

Zogula zokumbukira zikhale chakumapeto kuti musanyamule katundu tsiku lonse. Auzeni mtengo womwe inu mukuudziwa musanafike, kenako asiyeni anenerere okha ngati pamalopo amanenerera, musalowerere mpaka kukangana ndi wogulitsa chifukwa cha ndalama yochepa. Koma aletseni kugula za minyanga ya njovu, zigoba za akamba a m'nyanja, zikopa za nyama zakutchire ndi zina zotere olo wogulitsa alumbire kuti zilibe vuto. Pali pangano la maiko lotchedwa CITES lomwe linayamba kugwira ntchito mu 1975, ndipo malonda a minyanga pakati pa maiko analetsedwa mu 1989, munthu akhoza kulandidwa kapena kumangidwa pa eyapoti chifukwa cha kachibangili. Ngati akubwerera pa ndege ndi chikwama cha m'manja chokha akumbutseninso kuti zamadzimadzi zopitirira 100 ml pa botolo ma eyapoti ambiri salola.

Kutseka tsiku

Musadikire kuti mpaka wina agwe. Dzuwa likalowa, mwajambula, khalani pamalo amodzi omaliza pafupi ndi kogona, ndipo nenani poyera nthawi yomwe inu mukuchoka poti mawa ntchito ilipo, iwo ali pa holide inu ayi. Onetsetsani kuti mwadziwa mmene akafikire, ngati ndi takisi ya pa app ngati Uber kapena Bolt onani kuti nambala ya galimoto ikufanana ndi ya pa foni asanakwere, ndipo akafika akuuzeni.

Ngati akhalabe masiku ena inu muli kuntchito, malo aja munawataya ndi ena omwe sanalowe pa pulani alembereni mu meseji imodzi, lililonse ndi pokwerera, potsikira, tsiku lomwe amatseka ndi malo odyera apafupi. Apite okha, pano njira akuidziwa. Zithunzi tumizani usiku womwewo musanagone chifukwa mukati mawa zidzatha chaka zili mu foni mwanu, ndipo pa WhatsApp zitumizeni ngati document kapena musankhe HD kuti zisafike zofufuma. Kenako miyendo m'beseni la madzi ofunda, alamu ya mmawa, gulupu ya kuntchito ija muitsegule mawa muli pa basi.